CompactFlash ndi Gotek pa kompyuta ya DOS yoyendetsa makina ogoba matabwa, patatha pafupifupi chaka

Makina athu odula ndi kugoba matabwa, amene amisiri amangowatchula kuti CNC, amayendetsedwa ndi kompyuta ya Pentium yokhala ndi MS-DOS 6.22, pulogalamu ya mu 1994 yoyendetsera kompyuta yonse. Sitingaikepo kompyuta yatsopano chifukwa malamulo onse amafika ku makinawo kudzera pa khadi la ISA, kabolodi ka mtundu wakale kolowetsa m'kati mwa kompyuta, ndipo makompyuta a masiku ano alibe malo olowetsapo khadi lotero. Chaka chatha hard disk yake itayamba kulira modabwitsa, ndinaichotsa n'kulumikiza khadi losungira mafayilo la CompactFlash ku chingwe chake cha IDE, ndipo pamalo a floppy ndinaikapo kachipangizo ka Gotek, kamene kamawerenga fulashi ya USB kompyuta n'kumaona ngati ndi floppy yeniyeni.

CompactFlash sinandikhumudwitse. Kompyuta imayaka msanga, utuchi umene umalowa paliponse m'shopu sukuivutitsa, ndipo popeza DOS salemba zambiri pa disiki, nkhawa yoti khadi litha msanga sinaoneke. Wogula asataye ndalama pa khadi lalikulu, chifukwa FAT16, njira imene DOS 6.22 imasanjira mafayilo pa disiki, silola chigawo cha disiki choposa 2 GB. Phindu lenileni n'lakuti khadi limatuluka mosavuta, moti ndimaliika pa laputopu n'kulikopera lonse lathunthu ndi pulogalamu ya Clonezilla. Kukopera mafayilo okha sikukwanira, pakuti kagawo koyambirira kamene kamadzutsa DOS kamatsalira, ndipo khadi latsopanolo limakhala ndi zonse koma osayaka. Magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba, fayilo imaonongekabe, choncho UPS, batire lothandiza kompyuta magetsi akazima, sinachoke pansi pa tebulo.

Gotek nayo ikugwira ntchito, makamaka nditaikamo pulogalamu ya FlashFloppy. Sony inasiya kupanga ma floppy mu 2011, ndipo amene tinali nawo ankachita nkhungu nyengo ya dzinja. Komabe Gotek siithamanga kuposa floppy, ndiponso kagalasi kake kamangoonetsa manambala atatu osonyeza floppy imene mwasankha pa fulashi, moti anyamata ogwira ntchito amasokoneza kuti mapulani a zitseko ali pa nambala iti. Tinamata pepala la manambalawo pambali pa kompyuta, vuto linathera pomwepo.

Zimene zandiphunzitsa zambiri miyezi yonseyi si zipangizo ziwirizi ayi, koma zinthu zimene sizikopereka. Batire la CR2032 la pa bolodi litatha, BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imadzutsa kompyuta, inaiwala tsiku ndi zonse zimene inatcheredwa, ndipo makina anakhala osayenda mpaka titabwezeretsa chimodzichimodzi poyang'ana zithunzi zimene ndinajambula ndi foni. Amene ali ndi bolodi lokhala ndi chipu cha Dallas DS12887 ali pa ntchito yokulirapo, chifukwa batire lake linamatidwira m'kati mwa chipucho. Zithunzi zoterezi n'zofunikanso pa timajampa ta khadi la ISA, tizipangizo tating'ono timene timasankha IRQ ndi adiresi yake (manambala amene kompyuta imapezera khadilo), ndipo mafayilo a CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT, amene DOS imawerenga ikamayaka, ndinawasindikiza pa pepala n'kuwaika m'kabati.

Kenako pali nkhani ya kompyuta yachiwiri yodikirira tsiku la tsoka. Ndinapeza Pentium II yokhala ndi malo a ISA, ndinaikamo khadi la CompactFlash lokoperalo, DOS inayaka bwinobwino, koma pulogalamu ya makina inakana n'kulemba kuti "Runtime error 200". Vutoli n'lodziwika pa mapulogalamu ena a DOS olembedwa mu Pascal, amene amasokonezeka powerengetsa nthawi purosesa ikamathamanga kupitirira pafupifupi 200 MHz. Pali timapulogalamu tokonzera zimenezi, koma pa makina okhala ndi mpeni wozungulira sindifuna kusintha mmene pulogalamu imawerengera nthawi, choncho ndinafunafuna Pentium ina yochedwerapo. Ndikanangoisunga m'katoni osaiyesa, zimenezi tikanazidziwa tsiku limene ntchito ya kasitomala ili kale pa tebulo.

Ndalama zimene ndinalipira pa CompactFlash ndi Gotek n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito imene zagwira, ndipo ndingagulenso mosakayika. Chimene chatsala pa ngozi ndi khadi la ISA lija, limene lilipo limodzi lokha. Ndikufunafunabe lina kwa ogulitsa zipangizo zakale pa eBay, ndipo padakali pano tikumalichotsa miyezi ingapo iliyonse n'kulipemerera utuchi, tikuyang'ananso ngati makapasita ake, tizipangizo tosunga magetsi pang'ono, ayamba kutupa.