Forest, Flora kapena wotchi wamba ya mufoni?

Forest ndi Flora ndi mapulogalamu a mufoni okuthandizani kusiya foni n'kuika maganizo pa ntchito, ndipo amagwira ntchito mofanana. Mumatchera nthawi, kambewu kamayamba kumera pa sikirini, ndipo mukatuluka nthawi isanakwane kuti mukasuzumire WhatsApp, mtengowo umauma. Amasiyana pa chilango.

Forest ndi ya kampani ya Seekrtech ya ku Taiwan ndipo inatuluka mu 2014. Nthawi mumasankha kuyambira mphindi 10 mpaka 120. Mukadina molakwitsa, muli ndi masekondi 10 oti muimitse. Akangodutsa amenewo, mtengo wouma umatsala pakati pa anzake obiriwira, n'kumakuyang'anani nthawi iliyonse mukatsegula munda wa tsikulo. Chilango chake ndi manyazi basi. Mtengo uliwonse umene wakula umabweretsa timakobidi ta m'pulogalamumo. Mungagulire mitundu ina ya mitengo, kapena kusunga mpaka tikwane 2,500 kuti bungwe la Trees for the Future lidzale mtengo weniweni.

Flora imaluma kuposa pamenepo. Imakulolani kuika ndalama zenizeni ngati chikole. Mukapirira simulipira kanthu, koma mukaumitsa mtengo ndalamazo zimadulidwa n'kupita kodzala mitengo. Apa ndiye mtengo uli ndi mtengo wakedi. Kwa munthu amene mitengo youma inasiya kumupweteka pakatha sabata yoyamba, Flora ndiyo yomuyenera.

Onse awiri amalola kudzala ndi anzanu: mmodzi akagwa m'mayesero, mitengo ya gulu lonse imafa. Zimathandiza mukakhala awiri kapena atatu odziwana. Gulu likakula, sipalephera wina woiwala.

Chimene chimakhumudwitsa ambiri pa Android ndi mtengo kufa kapena nthawi kusokonekera iwo osakhudza foni. Kawirikawiri wolakwa amakhala foniyo, imene imatseka mapulogalamu pofuna kusunga batire. Lowani mu Settings, pezani gawo la batire, muchotse pulogalamuyo pa zimene foni imatseka yokha, ndipo muipatse chilolezo choona mapulogalamu amene mukutsegula. Mu Forest mulinso mndandanda wa mapulogalamu ololedwa. Ikanimo dikishonale ndi kakyuleta. Browser ayi, chifukwa Facebook imalowera khomo lomwelo.

Musayambe ndi mphindi 120 pofuna makobidi ambiri. Mphindi 25 zogwira ntchito ndi 5 zopuma, monga mwa njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo, zimapiririka, ndipo mukamaliza maulendo anayi mumapuma motalikirapo.

Njira ya Cirillo imatheka ndi wotchi wamba ya mufoni, yopanda chikole chilichonse. Mtengo uja umangodziwa kuti foni simunaigwire. Sudziwa ngati munawerenga, munagona, kapena munali pa YouTube pa laputopu. Forest ili ndi kachigawo koika mu Chrome kotsekera mawebusayiti amene mwasankha, choncho amene ntchito yawo ili pa kompyuta ayambire pamenepo. Ngati dzanja silithamangira foni pa mphindi zingapo zilizonse, wotchi wamba ikukwanirani.