Kabuku kokumbukira bambo athu: mmene osindikiza anagwirira ntchito

Bambo athu atamwalira, tinapeza m'bokosi lawo lachitsulo makope 11 amene ankalembamo tsiku limene mvula yagwa, kuchuluka kwake, tsiku lobzala, tsiku lopalira ndi zimene akolola m'munda uliwonse. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo anthu a m'mudzi ankawadziwa ngati mlimi amene amafika kumunda kusanache n'kubwerako dzuwa litapendeka. Patatha chaka, ife ana awo tinagwirizana zopanga kabuku kowakumbukira kuti adzukulu amene sanawaone adzadziwe kuti agogo awo anali munthu wotani. Ntchitoyi tinaipereka kumalo ena osindikizira mabuku ndi zithunzi, ndipo ndikufotokoza mmene inayendera kuti amene akuganiza zochita chimodzimodzi adziwe pamene angawadalire anthu a ntchito imeneyi ndi pamene ayenera kukhala maso.

Pa nkhani ya zithunzi, ndilibe chowadandaulira. Mayi amene anatilandira anakana kugwiritsa ntchito zithunzi zimene achibale anatitumizira pa WhatsApp, ndipo anatifotokozera moleza mtima kuti chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa kuti chisadye deta yambiri, motero pafoni chimaoneka bwino koma papepala chimatuluka chachimbuuzi. Anatiuza kuti tipemphe achibalewo atumizenso zithunzizo ngati dokyumenti, kapena abweretse zenizenizo. Chithunzi choti chisindikizidwe bwino chimafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye kachithunzi kakang'ono ka pachiphaso chawo chakale anakajambula pa 600 kuti akathe kukakulitsa kawiri popanda nkhope kuwonongeka. Kachithunzi kameneko ndi kamene kali pachikuto. Mchemwali wanga atapempha kuti zithunzi zakalezo azimate pulasitiki kuti zisang'ambike, mayiwo anamuletsa, ponena kuti pulasitikiyo imamatidwa ndi kutentha ndipo ikamatika simatukanso popanda kuwononga chithunzi. Akanavomera akanapeza ntchito ina yowonjezera, choncho kukana kwawo kunandipatsa chikhulupiriro.

Anatilangizanso bwino pa kukula kwa kabukuko. Tinasankha A5, yomwe ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, theka la pepala la A4 limene aliyense amalidziwa, chifukwa kabuku kotere kamalowa m'thumba ndipo sikapindika msanga. Atatisonyeza tsamba loyesera, munda umene pakompyuta unkaoneka wobiriwira mowala unatuluka woderako, ndipo anatiuza kuti kompyuta imasonyeza mitundu ndi kuwala pamene makina osindikizira amasakaniza inki za mitundu inayi. Anaukonza ndipo wachiwiri unatuluka bwino. Kabuku komangidwa ndi timawaya pakati kamapangidwa ndi mapepala opinda pawiri, pepala lililonse n'kupereka masamba anayi, ndiye chiwerengero cha masamba chimayenera kugawika ndi 4. Ife tinali ndi masamba 30, zomwe zinatanthauza kuti awiri atsala opanda kanthu kuti akwane 32. Masamba awiri amenewa ndi amene anasintha kabuku konse.

Vuto linayambira pa mbiri ya malemuwo. Malowa amathandizanso kulemba, ndipo popeza tonse tinali otanganidwa, tinawasiyira mapepala athu ndi makope atatu kuti akonze nkhaniyo. Zimene anatibwezera zinali mawu osalala onena za bambo wachikondi, wolimbikira ntchito, wochereza alendo ndi wokondedwa ndi onse. Palibe bodza pamenepo, koma mawu amenewo mungawaike pansi pa chithunzi cha munthu wina aliyense ndipo abale ake angavomereze. Ndikuganiza kuti ali ndi chikalata chimodzi pakompyuta chimene amangosinthamo dzina ndi zaka. Munalibe chilichonse chokhudza migula imene bambo anaunda m'munda wotsetsereka kuti madzi asakokolole nthaka, kapena dzenje la manyowa limene ankalitembenuza okha ngakhale msana utayamba kuwavuta, kapena kasinthasintha wa mbewu amene ankamutsatira mosaphonya, podziwa kuti mbewu za gulu la nyemba zimabwezeretsa chonde chimene mbewu zina zachotsa. Mitengo imene anabzala m'mphepete mwa khwawa, yomwe lero yaletsa chigwembe kukula, sanaitchule n'komwe.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mmene anachitira ndi nkhani ya mvula. Bambo ankayeza mvula ndi chitini chosapendekeka m'mbali chimene anachikhazika pamtengo pabwalo, kutali ndi denga ndi mithunzi, ndipo m'mawa uliwonse ankapimamo madzi ndi rula. Njirayi ndi yolondola ndithu, pakuti kuya kwa madzi m'chitini chotere ndiko kuchuluka kwa mvula imene yagwa, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita iliyonse ya munda. M'kope la nyengo ya 2015 mpaka 2016, pamene El Niño wamphamvu anasokoneza mvula m'madera ambiri a dziko lapansi, muli mizere yotsatizana imene analembamo tsiku lokha n'kukhwatcha kamzere, ndipo pansi pake muli mayina a anansi amene anawagawira mbewu yobzalanso. Wolemba wa malowa anafupikitsa zonsezi m'chiganizo chimodzi chonena kuti malemuwo ankakonda kusunga zolemba.

Panalinso zolakwa zenizeni. Pamene bambo analemba maekala, iwo anataipa mahekitala, mwina poganiza kuti ndi mawu amakono a chinthu chomwecho, pamene hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000 ndipo imakwana pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ndi kusintha kumodziko anawapatsa bambo munda waukulu kuposa umene anali nawo, chinthu choti anthu a m'mudzi akanachiseka, ndipo m'mabanja ena chikanadzutsa mkangano wa malire. M'malo angapo anawerenga 7 ngati 1, chifukwa bambo sankadula 7 wawo pakati. Zolakwazi tinazipeza chifukwa tinaumirira kuti atisindikizire kabuku kamodzi koyesera tisanavomereze onse, ndipo mng'ono wanga anakhala usiku wonse akuyerekeza nambala iliyonse ndi makope. Iwo pawokha sanatiuze kuti n'zotheka kuona koyesera kathunthu, ankafuna kuti tingoyang'ana pakompyuta yawo tili chiimire.

Kunena chilungamo, titadandaula sanakangane nafe. Mbiriyo tinailemba tokha, iwo anangoiyala pamasamba, ndipo pa masamba awiri otsala aja tinapempha kuti ajambule makope monga momwe alili, ndi zolemba za bambo zopendekeka, zofufuta zawo ndi dontho la matope pakona. Poyamba wotaipa uja ankafuna kuwakonza kuti aoneke oyera, koma mayi wa zithunzi anamvetsa zimene tikufuna ndipo anangowonjezera kuda kwa zilembo kuti ziwerengeke. Iye ndi amene anatisonyeza kuti masamba olembedwa ndi pensulo akadali owerengeka bwino kuposa ena a inki ya buluu amene afwifwa ndi zaka. Kubwerezabwerezaku kunachedwetsa ntchito ndi sabata imodzi, ndipo mbali ina ya kuchedwako ndi yathu chifukwa chowasiyira zimene tinayenera kuchita tokha.

Ndingabwererenso kumalowa ndi zithunzi, ndipo ndingatumizeko munthu wofuna kabuku komangidwa mwaudongo, koma ndingamuuze kuti apite ndi nkhani yake yolemba kale komanso asalipire zonse asanagwire koyesera m'manja. Tsiku limene tinagawa timabukuto, anthu ambiri anadumpha mbiri imene tinaivutikira n'kukaima pa masamba a makope. Mkulu wina amene munda wake unachita malire ndi wa bambo anatsata mzere ndi chala mpaka anapeza dzina lake pakati pa olandira mbewu, kenako anandiitana n'kundifunsa ngati m'makope otsalawo muli pamene analembapo kuti anabweza.