Amalume a magetsi a galimoto ku Kamwala

Ndimakhala ku Chelstone ndipo ndimagulitsa zitenje. Katundu ndimakapikula ku Kamwala Lachiwiri lililonse m'mamawa, anthu asanadzaze m'mashopu. Galimoto yanga ndi Toyota Probox, yochokera ku Japan monga zambiri za mu Lusaka muno, ndipo imanyamula mabelo popanda kudandaula. Amayi angapo a kumpingo kwathu akhala akundifunsa za bambo amene amandikonzera magetsi a galimotoyi, ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zimene ndaona kwa iwo, zabwino ndi zondivuta zomwe.

Tinadziwana mu July. Tsiku limenelo ndinanyamuka kunyumba kusanache, kukuzizira kwambiri, nyali zili zoyatsa. Nditafika ku Kamwala foni inalira ndikutsika, ndipo ndinatseka chitseko nyali zazing'ono zikuyakabe. Ndinabwerera patapita maola anayi, mnyamata wa wilibala ali pambuyo panga ndi mabelo awiri. Nditapotoza kiyi, kunangomveka kha-kha-kha pansi pa boneti, timagetsi ta padashibodi tikuchita ngati tikufuna kuzima. Anyamata a pamalopo anabwera msanga: “Amayi, lowani tikankhe.” Mmodzi wa iwo atasuzumira n'kuona giya, anapukusa mutu n'kuthamanga kukaitana munthu.

Anabwera bambo wa imvi pang'ono, atavala ovololo yabuluu yothimbirira, akukankha wilibala momwe munali batire, zingwe zojampira ndi kamita kachikasu koyezera mphamvu. Aliyense pamenepo amawatchula kuti amalume, nanenso ndinayamba kuwatchula choncho. Anandipatsa moni kaye, “Mwauka bwanji amayi,” kenako anauza anyamata aja kuti galimoto ya otomatiki siilira pokankha, angotopa pachabe.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanayambe ndi zingwe. Anayamba ndi kamita kaja. Anaika nsonga yofiira pamutu wa batire wa chizindikiro cha +, yakuda pa wa −, n'kundiitana kuti ndiwerenge ndekha: 11.4 volts. Anati batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6, likafika cha m'ma 12.2 ndiye kuti lili theka, ndipo likatsika pansi pa 12 sitata imasowa mphamvu yotembenuzira injini, makamaka nyengo yozizira. Kenako anandionetsa mitu ya batirelo. Inali itakutidwa ndi ufa woyera wobiriwira pang'ono, ngati nkhungu ya pa nsima yogona masiku. Anamasula ndi sipanala ya 10, anakwecha ndi burashi yawaya mpaka mtovu unawala, n'kumanganso. Anati ufa umenewo umatsekereza moto, ndipo kunyumba ndikhoza kuuchotsa ndi madzi otentha othira soda.

Kumangirira zingwe anachita pang'onopang'ono, akutchula chilichonse. Chofiira choyamba pa + ya batire lakufa. Mbali ina ya chofiiracho pa + ya batire lamoyo. Chakuda pa − ya batire lamoyo. Mbali yotsala ya chakuda sanaiike pa batire langa ayi, anaimanitsa pa bawuti yopanda penti ya pa injini, patali ndithu. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati chingwe chomaliza ndicho chimathetheka moto, ndipo batire limatulutsa mpweya umene umayaka. Moto ukathethekera pamwamba pake likhoza kuphulika n'kumwaza asidi kumaso. Tinadikira mphindi zisanu. Nditapotoza kiyi injini inalira kamodzi n'kamodzi. Anachotsa zingwe mobwerera m'mbuyo, kuyambira chakuda cha pa injini, n'kuyezanso injini ikulira: 14.1. “Alternator yanu, imene imadzaza batire injini ikamalira, ikutchaja bwino. Batire musagule lero amayi. Pitani ku Chelstone osazimitsa panjira, muyende theka la ola kapena kupitirira, ndipo Lachiwiri mudzabwere tidzaliyeze litagona.”

Mawu akuti musagule lero ndinawamva mpaka mumtima, chifukwa zaka zapitazo, ndili ndi galimoto ina, pagalaja ina anandigulitsa batire latsopano osayeza chilichonse, ndipo patatha sabata imodzi linatheranso panjira popeza vuto linali lamba wa alternator. Amalumewa anali ndi mabatire ogulitsa pamalo awo, ndinadzawaona pambuyo pake, koma anatenga K50 ya ntchito yawo basi.

Malo awo ndi kakontena kakang'ono kuseri kwa mashopu a nsalu, kopanda chikwangwani. Kutsogolo kuli tebulo lathabwa lodzaza ndi masitata ophwasula, mafyuzi m'chitini cha mkaka, ndi mawaya amitundumitundu atapachikidwa pamsomali.

Ulendo wachiwiri waukulu unali mu August. Ine kwathu ndi ku Katete, ndipo chaka chilichonse ndimayesetsa kukakhala nawo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, Loweruka lomaliza la mweziwo, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa mfumu yawo yaikulu, Kalonga Gawa Undi. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndipo aliyense amene anadutsapo m'mapiri ndi m'makona a kufupi ndi Luangwa mdima utagwa amadziwa kuti nyali si nkhani yoseweretsa. Kutatsala sabata, mwana wanga anandiuza kuti galimoto ikuyenda ndi diso limodzi. Chondidabwitsa chinali chakuti ndikayatsa nyali zowala patali, zonse ziwiri zimayaka. Ndikatsitsa, yakumanzere imazima.

Amalume anamwetulira nditawafotokozera. Anatsegula boneti, analowetsa dzanja kuseri kwa nyali, anazula pulagi ya mano atatu, anavula chivindikiro cha labala, anakankha kawaya kokhala ngati chipini kamene kamagwira babu, ndipo babu linatuluka. Zonsezi popanda sipanala. Analikweza padzuwa kuti ndione mkati. Munali timawaya tiwiri topotana, kamodzi kali bwinobwino, kena kataduka pakati, nsonga zake zitachita timibulu. Babu limeneli amalitcha H4, la mawati 60/55: kawaya kamodzi n'kowalitsa patali, kena n'kowalitsa pafupi, ndipo kapafupi ndi kamene kamayamba kupsa popeza kamagwira ntchito usiku uliwonse.

Latsopano analitulutsa m'bokosi atagwira kuchitsulo kwake. Nditatambasula dzanja kuti ndilione, anati, “Pagalasi ayi amayi.” Mafuta a m'zala akatsalira pagalasi, malo amenewo amatentha kuposa pena ponse ndipo babu silikhalitsa. Likakhudzidwa mwangozi, amalipukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Anandionetsanso timapiko titatu ta kutsinde kwake, kuti timalowa njira imodzi yokha. Ukakakamiza mopendama, kuwala kumapita m'mitengo kapena m'maso mwa anzako.

Apa ndi pamene tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa ine ndinkafuna mababu owala kwambiri. Anthu ambiri pano aika aja oyera mbee a LED, ndipo ndinkaganiza kuti ku Luangwa angandithandize. Amalume sanandiletse mwaukali, koma anatulutsa m'chitini pulagi yakuda yosungunuka mbali imodzi, pulasitiki itachita makwinya ngati chikopa chowamba. Anati inachokera m'galimoto imene mwini wake anaika mababu a 100/90. Mawaya a galimoto zazing'onozi sanapangidwire moto wochuluka choncho. Za LED anati nyali ya Probox inapangidwa kuti izisonkhanitsa kuwala kochokera pa kawaya kaja, pamalo ake enieni, ndiye ukaikamo babu la mtundu wina kuwala kumamwazika, iwe ukuona ngati kwawala pamene wobwera kutsogolo wachititsidwa khungu. Ndinakumbukira mmene ndimavutikira usiku pa Great East Road pakati pa Munali ndi Chelstone, maso akuchita kulira misozi chifukwa cha nyali za ena, ndipo ndinavomera a 60/55.

Anandilangiza kusintha onse awiri popeza anali a msinkhu umodzi, lakumanja nalo linali pafupi. Lakale lamoyolo analikulunga m'pepala n'kundiuza kuti ndizilisunga m'galimoto. Kenako anandiimitsa moyang'ana khoma la shopu, anayatsa nyali n'kuona ngati mzere wa kuwala uli wofanana mbali zonse. Sanalekere pomwepo. Anandiuza kuti ndiponde buleki iwo ali kumbuyo, ndipo anapeza kuti nyali ya buleki yakumanja siikuyaka ngakhale kuti yausiku ya mbali yomweyo imayaka. Nalonso ndi babu la timawaya tiwiri, la 21/5. Ndinali nditayenda nalo choncho kwa nthawi imene sindikuidziwa, mabasi akunditsatira bampa ndi bampa mu Lumumba Road. Anandiphunzitsanso kuti indiketa ikayamba kuphethira mofulumira kuposa masiku onse, ndiye kuti babu limodzi la mbali imeneyo lapsa, ndipo nyali ziwiri zikazima nthawi imodzi uyambe wayang'ana fyuzi usanagule kanthu. Tsiku limenelo zonse pamodzi ndinalipira K320. Nyali zomwezi ndi zimene amayang'ana a RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, poyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndiye ndalamayo sindinaidandaule.

Tsopano zondivuta, pakuti zilipo. Pamalopo palibe pokhala. Umaima padzuwa, fumbi la August likukulowa m'maso, ndipo ngati wabwera ndi mwana wamng'ono uvutika. Lisiti salemba, ukafunsa amangoti mukandipeza pompano. Koma chachikulu n'chakuti amalume amaitanidwa kawirikawiri kukadzutsa galimoto zofera m'misewu ya pafupi, ndipo akachoka amasiya mnyamata wophunzira ntchito. Tsiku lina ndinapita kukasintha babu la indiketa, ndinapeza mnyamatayo yekha. Anaika lotchipa losakhala m'bokosi, analigwira ndi manja a girisi, ndipo linapsa pasanathe masabata awiri. Amalume anandisinthira ulere n'kumudzudzula mnyamatayo ine ndili pomwepo, komabe mafuta ochokera ku Chelstone ndinawotcha ndine. Mababu ali nawo a mitundu iwiri, a m'bokosi ndi a m'thumba la pulasitiki, ndipo ukapanda kunena, mnyamata amatola a m'thumba. Safunsa anadya phula: nenani kuti mukufuna la m'bokosi, ndipo ngati amalume palibe, dikirani.

Ndisanapite ku Katete ndinafuna kugula zingwe zojampira zanga. Ndinali nditaona zina zotchipa pamsika, zonenepa bwino, zofiira ndi zakuda zonyezimira. Amalume anatenga chidutswa cha zoterozo chimene anasunga, anachidula ndi pulayala n'kundionetsa m'kati. Pulasitiki inali yochindikala ngati chala, koma waya weniweni anali timaulusi tochepa ngati tsitsi. Anati zingwe zotero zimangotentha, injini osalira. Anandipangira zawo kuchokera ku waya wa makina owotcherera zitsulo, zolemera m'manja, ndi zomanira zolimba. Anandichenjezanso zinthu zitatu: ndisajampe kuchokera ku lole, popeza malole ambiri amayendera 24 volts pamene galimoto yanga ndi ya 12, galimoto ziwirizo zisagundane, ndipo batire likakhala lotupa, losweka kapena likudontha, ndisaliyandikire ndi zingwe.

Zingwezo zinagwira ntchito pa ulendo womwewo. Pobwerera tinaima pa Luangwa, paja amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndipo pambali pathu panali banja lina la ku Petauke, Corolla yawo itakana kulira, agogo ali m'kati ndi ana awiri. Bambo wake anali atayamba kale kufunsa madalaivala a malole. Ndinawauza kuti, “Achimwene, lole ayi, ndisendeze yangayi.” Ndinaimika moyandikana osagunda, ndinazimitsa injini, ndinamanga chofiira ndi chofiira, chakuda kwa ine, chomaliza pa bawuti ya injini yawo. Manja ankanjenjemera pang'ono koma dongosolo ndinalikumbukira lonse. Ndinaliza yanga kwa mphindi zisanu, ndipo yawo inadzuka. Agogo aja anandigulira dengu laling'ono, ndipo ndimaikamo ulusi ndi singano kushopu.

Nditabwerera ku Kamwala Lachiwiri lotsatira ndinawafotokozera amalume. Anaseka, anafunsa ngati chakuda ndinachiika pa injini, kenako anatenga kamita kawo n'kuyeza batire langa lija la mu July. Linaonetsa 12.5. Anati lipitirire kugwira ntchito, koma ndidzabwere nalo mu May, kuzizira kusanayambe.