Kasitudiyo ka pa Nchalo komwe anandibwezera mdima m'zithunzi zanga

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikujambula zinthu zomwe anthu amangozidutsa: mono wopachika pamtengo, bwato lovundikira pagombe la Shire, chulu chomwe ng'ombe zakhala zikudzikandapo mpaka kusalala, neti ya udzudzu yomanga mfundo masana. Zonsezi zinkangokhala mu foni. Mwezi wathawu ndinasankhapo 12 kuti nditsukitse, ndipo ndinapita ku kasitudiyo kena pa Nchalo, kuseri kwa msika, chakomwe amaima a kabaza. Ntchito yawo ya masiku onse ndi zithunzi za ma ID, za chinkhoswe ndi za ana omaliza sukulu.

Ulendo woyamba ndinatuluka mtima uli pansi. Chithunzi chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi cha mtondo wosinjira wa azakhali anga ku Makhanga. Madzi a namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anaukwirira m'matope mpaka m'chiuno, ndipo matopewo atauma anang'ambika mouzungulira ngati chikopa cha ng'ona. Ndinaujambula dzuwa likungotuluka, kuwala kukuchokera chammbali, kukamwa kwake kuli bii ngati dzenje lopanda malekezero. Aliyense woona pafoni ankayamba wakhala chete. Papepala panatuluka mtondo wamba, wowala mbee, ndi zinyalala zamkati zomwe zikuoneka. Cha mono nacho anachidula mmunsi, mthunzi wake wonse wapita, chikhalirecho mthunziwo ndi womwe unkaoneka ngati nsomba yaikulu yoyasama.

Ndinabwererako mawa lake, ndipo apa ndi pomwe ndinawadziwa bwino anthuwa. Mnyamata wa pakompyuta sanatsutse kapena kundiuza kuti makina ndi momwe amatulutsira. Anaika pepala pambali pa foni, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandifunsa: "Bambo, inuyo mumafuna chioneke n'chiyani pamenepa?" Ndinati, "Achimwene, ndimafuna chisaoneke ndi chamkatimo." Anagwedeza mutu, n'kukokera mpando wina pafupi kuti ndikhale.

Zomwe anandifotokozera zingathandize aliyense. Pulogalamu yawo imawalitsa yokha paliponse pomwe pali mdima. Pa zithunzi za ukwati n'zoyenera, palibe angafune nkhope ya mkwatibwi itabisika mumthunzi wa mtengo wa mango. Koma pa zanga inkapha chithunzi, ndiye anaizimitsa. Kudulako kunabwera chifukwa foni imajambula pa muyeso wa 4:3 pomwe pepala laling'ono lija la 6x4 ndi la 3:2, choncho makina akafuna kudzaza pepala lonse amashepa m'mphepete. Mankhwala ake n'kuvomera kamzere koyera m'mbali kuti chithunzi chilowe chathunthu. Chinanso n'chakuti ndinali nditatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, pomwe zithunzi zimafinyidwa, ndipo timing'alu ta matope tinasanduka phala. Ulendo uno tinasamutsa ndi kebulo.

Tinatha pafupifupi ola pa mtondo wokhawo. Pepala lilibe kuwala kwakekwake ngati sikirini ya foni, motero chomwe pafoni ndi mdima wokoma, papepala chimatha kukhala chikanga chakuda chopanda kanthu. Iye anayamba watulutsa kakang'ono koyesera. Anasiya kukamwa kwa mtondo kuli kwakuda, koma anakweza pang'ono kuwala kwa m'mlomo mwake, pomwe munsi ndi manja zinadya mtengo kwa zaka zambiri. Anandilangizanso pepala losanyezimira. Lonyezimira lija limabweza kuwala kwa pazenera, ndiye ukayang'ana chithunzi chakuda umangodziona wekha. Pa A4 yosanyezimira mtondo uja unabwerera momwe ndinauonera mmawa umene uja, nsapato zanga zikumira m'matope.

Tili mkati, mayi wina yemwe ankadikira zithunzi za mwana wake anasuzumira pasikirini n'kuona neti ija. Anabwerera m'mbuyo. "Ameneyu ndi ndani?" Ndinaijambula madzulo m'chipinda, mfundo ili pamwamba ngati mutu, nsalu ikulendewera osagunda pansi. Atazindikira kuti ndi neti ngati yomwe ili kwawo, anaiyang'ananso kachiwiri, nthawi yaitali kuposa poyamba. Kuyang'ana kwachiwiriko n'komwe ndimajambulira. Komabe kuno nkhani ya zinthu zachilendo siyosewera nayo. Mphekesera za ufiti zapweteketsa okalamba osalakwa m'dziko muno, n'chifukwa chake sindijambula katundu wa pakhomo pa munthu ndisanapemphe ndi kufotokoza, ndipo kamera yanga sindiitulutsa pamalo olemekezeka ngati nkhalango ya Khulubvi ya Mbona ku Nsanje. Chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mnyamatayo anamuyankha mayiyo mwaulemu, osaseka iye kapena ine, ndipo titamaliza anafufuta zithunzi zanga pakompyuta ndikuona.

Zolakwika zilipo. Zithunzi zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera zokha, pulinta yawo imavutika nazo. Cha bwato chinatuluka chobiriwira pang'ono, tinayesa kawiri koma kubiriwirako kunangochepa, sikunathe. Pepala losanyezimira sakhala nalo lambiri chifukwa anthu saliitanitsa, limachokera ku Blantyre, ndiye zithunzi zinayi ndinadikira sabata yathunthu. Kuposa A4 satulutsa. Malo ndi opanikiza, denga ndi la malata opanda siling'i, ndipo amene amadziwa kutentha kwa kuno mu Okutobala, pomwe kumapyola madigiri 40, apite isanakwane 9 koloko mmawa. Nthawi imeneyo mzere umakhalanso waufupi, mnyamatayo amakhala ndi mpata wokhala nanu. Magetsi akathima ntchito imaima.

Adzakufunsani ngati mukufuna kumata pulasitiki. Pa chithunzi cha mtundu uwu kanani, kunyezimira kuja kumabwerera. Felemu ndi yabwinopo, ndipo muipachike pakhoma lomwe dzuwa siligunda, chifukwa inki imasuluka msanga ndi dzuwa la kuno. Pa mtengo sanandidyere: zoyamba zolakwika zija sanandilipiritse kachiwiri, ndinangowonjezera ya pepala lalikulu, ndipo toyesera tonse anati n'take.

Chithunzi cha mtondo ndinapita nacho kwa azakhali, omwe tsopano akukhala kumtunda. Anachigwira ndi manja awiri, n'kuloza kachibowo ka m'mbali komwe ine sindinakaone nkomwe, n'kunena kuti kanabwera chaka chomwe ankasinja mapira a pamaliro a amuna awo. Chili pakhoma pawo pano. Loweruka ndibwereranso ku situdiyoko ndi zithunzi zisanu za ziputu za thonje zomwe ndinajambula ku Ngabu, ndipo pepala ndawauziratu kuti aitanitse.