Matumba, khoma kapena ngalande: mizinda itatu ya pamtsinje wa Red

Mtsinje wa Red uli ndi khalidwe limodzi lovutitsa: umalowera kumpoto. Umayenda m'malire a North Dakota ndi Minnesota ku America, kudutsa ku Fargo ndi ku Grand Forks, n'kulowa m'dziko la Canada, kudutsa mumzinda wa Winnipeg mpaka kukathira m'nyanja. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo chipale chofewa chimayamba kusungunuka kummwera komwe kumafunda msanga, pomwe kumpoto mtsinje umakhala udakali gwa ndi ayezi. Madzi akafika amapeza njira ndi yotseka. Chigwacho n'chathyathyathya, poti kalekale chinali pansi pa nyanja yaikulu yotchedwa Agassiz, ndiye madzi akangotuluka mumtsinje amayala makilomita ambirimbiri.

Chabwino chake n'chakuti madziwa sabwera usiku ngati a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Akatswiri amayeza chipale chomwe chaunjikana ndi kuzama komwe nthaka yaundana, ndipo amachenjeza kudakali masabata. Nthawi yokonzekera ilipo. Funso ndi lakuti ukonzekere ndi chiyani, ndipo mizinda itatuyi inayankha mosiyana.

Fargo kwa zaka zambiri inadalira manja a anthu ake. Mu Malichi 2009 madzi anafika mamita pafupifupi 12.5, mlingo womwe unali usanaonekeko, ndipo bwalo lamasewera la Fargodome linasanduka malo odzazira mchenga m'matumba. Ana asukulu, asilikali, azimayi ndi azibambo anadzaza matumba mamiliyoni, usana ndi usiku. Mzinda unapulumuka. Anthu amaikonda nkhaniyi, ndipo m'pomveka. Koma amene anagwirapo thumba la mchenga kunja kukuzizira amadziwa zomwe zithunzi sizionetsa. Thumba sulidzaza kuti tho. Umathira theka kapena kupitirirako pang'ono kuti likagone bwino pa linzake, n'kulipondaponda. Mchenga ukaundana thumba limauma ngati njerwa, silikumbatirana ndi linzake, ndipo madzi amadutsa m'mipata. N'chifukwa chake matumba ankawasunga malo otentha mpaka nthawi yokawayala. Tsinde la khomalo liyenera kutambalala kuwirikiza kawiri kapena katatu kutalika kwake, pamwamba n'kufunditsa pepala lapulasitiki. Mukawonjezera kutalika pang'ono chabe, matumba ofunika amachuluka moopsa. Madzi akaphwa ntchito ina imayamba, yochotsa mchenga woipitsidwa ndi madzi a suweji.

Pamalo otakasuka a Fargo ankagwiritsa ntchito njira ziwiri zachangu. Yoyamba ndi kuunjika dongo ndi mathiraki ndi akatapila, pamsewu penipeni. Msewu wa Second Street, pafupi ndi maofesi a khonsolo, unkasanduka chimulu cha dongo chaka chilichonse chomwe madzi akwera. Dongo limatseka bwino kuposa matumba ndipo silifuna anthu ambiri, koma msewu womwe mwaunjikapo watsekeka, ndipo mathiraki olemera amaphwanya phula lomwe nthaka yapansi pake yangofewa kumene. Yachiwiri ndi mabokosi a waya a HESCO, omwe asilikali amatchingira misasa yawo. Amabwera opindidwa, mumawatambasula, makina n'kuthiramo mchenga. Anthu ochepa amamanga mtunda wautali pa tsiku limodzi. Koma amafuna pansi posalala pomwe makina angafike, ndiye kuseri kwa nyumba za anthu thumba limabwereranso.

Vuto lalikulu la njira zonsezi lili pa kulosera. Umamanga molingana ndi nambala yomwe wapatsidwa, ndipo Grand Forks inaphunzira zimenezi mowawa mu Epulo 1997. A zanyengo analosera kuti madzi afika mamita pafupifupi 15. Mzinda unakweza makoma ake kupitirira pamenepo pang'ono. Madzi anafika mamita oposa 16.5. Anthu pafupifupi 50,000 anasamutsidwa, chipatala chinatulutsa odwala, malo oyeretsera madzi akumwa anamira moti mipopi inauma masiku ambiri. Pakati pa tauni panabuka moto, ozimitsa moto osatha kufikapo chifukwa misewu inali nyanja, ndipo nyumba 11 zinapsa zitaima m'madzi.

Atalira, a Grand Forks ndi anzawo a kutsidya a East Grand Forks anachita chinthu chomwe andale ambiri amachiopa. Anagula nyumba mazanamazana za m'mphepete mwa mtsinje n'kuzigwetsa, dera ngati la Lincoln Drive linatheratu, ndipo malowo anawasandutsa paki yaikulu yotchedwa Greenway yomwe madzi amaloledwa kulowamo. Makoma okhazikika a dothi ndi a konkire anawamanga kutali ndi mtsinje, pa ndalama zoposa madola 400 miliyoni. Ku East Grand Forks kuli mbali ina yomwe khoma lake sulioneka masiku wamba: pali maziko okha, ndipo madzi akamabwera amaimika nsanamira n'kulowetsamo matabwa achitsulo. Mu 2009, pomwe a Fargo ankatuluka matuza m'manja, a Grand Forks ankangotseka zipata.

Khoma lili ndi chilema chake, ndipo chimaonekera pa milatho. Paliponse pomwe msewu kapena njanji ikuwolokera mtsinje, khomalo lili ndi chibowo. Madzi akakwera chibowocho chiyenera kutsekedwa, ndipo ukachitseka mlatho watsekekanso. Mlatho wa Sorlie, womwe umalumikiza pakati pa mizinda iwiriyi, umatsekedwa madzi akachuluka, magalimoto onse n'kukathithikana pa mlatho wa Kennedy womwe ndi wokwererapo. Chinanso, khoma limatsekereza madzi mbali zonse ziwiri. Chipale chomwe chikusungunuka mumzinda momwemo sichingatsikirenso kumtsinje, ndiye pamafunika mapampu akuluakulu ndi magetsi osadukiza.

Winnipeg inasankha kusalimbana ndi madziwo pakhomo. Madzi a 1950 atathamangitsa anthu pafupifupi 100,000, nduna yaikulu ya chigawo cha Manitoba, a Duff Roblin, anakakamira zokumba ngalande yolambalala mzinda chakum'mawa. Ambiri anawaseka, mpaka ngalandeyo inapatsidwa dzina lachipongwe loti Duff's Ditch, kutanthauza mgula wa Duff. Inakumbidwa kuyambira 1962 mpaka 1968, makilomita 47, pa madola a ku Canada 63 miliyoni. Imayambira pafupi ndi St. Norbert kummwera n'kukabwezera madzi mumtsinje ku Lockport. Kagwiridwe kake n'kodabwitsa: zitseko zili mumtsinje mwenimwenimo, zogona pansi pa madzi. Akazidzutsa madzi amatukumuka kumtunda n'kukhuthukira m'ngalande. Mu 1997, madzi omwewo omwe anamiza Grand Forks atafika, Winnipeg inapulumuka, ngakhale kuti panatsala pang'onong'ono. Kuopsa kwa chaka chimenecho n'komwe kunachititsa kuti ngalandeyo aikulitse kuyambira 2005.

Pa nkhani ya misewu ndi milatho, ngalande ilibe mnzake. Khoma limasiya madzi ali pamwamba n'kukubisa kuseri kwake. Ngalande imatsitsa madziwo mumzinda monse. Milatho imakhala yotsegula, mapaipi a suweji sabwerera m'mbuyo kwambiri, ambulansi imafika kuchipatala. A Fargo nawo anafika pogonja: pano akukumba ngalande yawo ya makilomita pafupifupi 48 yolambalala Fargo ndi Moorhead, mzinda wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtengo wake ndi madola oposa 3 biliyoni. Ayambanso kugula nyumba zam'mphepete ndi kumanga makoma okhazikika, ndipo pomwe ankaunjika dongo pa Second Street pano pali khoma la konkire.

Komabe madzi ukawapatutsa satha, amangopita kwa wina. Okhala kummwera kwa zitseko za Winnipeg akhala akudandaula kuti amamizidwa kuti mzinda uume. Alimi a kummwera kwa Fargo anakokana ndi ntchito ya ngalande m'makhoti kwa zaka, chifukwa minda yawo ndi yomwe idzasunge madzi. Nkhani yowawa kwambiri ndi ya 2011, pomwe madzi a mtsinje wa Assiniboine, womwe umathira mu Red ku Winnipeg, anapatutsidwa kudzera m'ngalande ya Portage kupita m'nyanja ya Manitoba. Anthu a mtundu wa eni nthaka a ku Lake St. Martin, komwe madziwo anakasefukira, anasamutsidwa, ndipo ambiri anakhala zaka m'mahotela ndi m'nyumba zalendi ku Winnipeg. Amene akuwerengera mtengo wa ngalande osawerengera anthu ngati amenewa akunama.

Ine ndikanati ndisankhire tauni yapakatikati yomwe ilibe mabiliyoni, ndikanatengera Grand Forks: chotsani nyumba, sukulu ndi malo opopera madzi m'njira ya mtsinje, mumange khoma patali, matumba akhale otsekera mipata chabe. Ngalande ndi ya mzinda waukulu womwe uli ndi boma lolemera kumbuyo kwake. Matauni ang'onoang'ono a m'chigwachi, monga Morris, anazunguliridwa ndi khoma la dothi ngati khola. Mkati mumauma, koma msewu waukulu wa 75, womwe mathiraki a pakati pa Winnipeg ndi malire a America amadutsa, umamira ndi kutsekedwa masabata, monga zinachitikira mu 2009 ndi 2022.

Pali ntchito ina yomwe njira zonsezi sizingaleke. Kumpoto kwa Winnipeg, chakufupi ndi Selkirk, dzinja likamatha boma limatumiza makina ocheka ayezi, kenako makina oyandama otchedwa Amphibex amakwera pamwamba pa ayeziyo n'kumuswa, kuti zibuma zake zisadzaunjikane n'kutseka mtsinje. Ayezi akatsekeka pamlatho madzi amakwera m'maola ochepa, kulosera konse kuja n'kukhala kopanda ntchito. M'mizinda ndi m'maboma ang'onoang'ono ogwira ntchito zamisewu amayenda ndi thiraki ya nthunzi yotentha, kulowetsa paipi m'makalavati ndi m'maenje a ngalande zam'mbali mwa msewu omwe aundana. Kalavati yotsekeka imachititsa madzi a m'minda kukwera pamsewu wadothi n'kuudula pakati, ngakhale mtsinje uli makilomita ambiri kutali, ndipo khonsolo yomwe yachedwa kutulutsa thiraki ya nthunzi mu Malichi imadzagula miyala ndi mapaipi atsopano mu Meyi.