uBlock Origin ndi timavidiyo toyandama pa masamba a nkhani

Amene amawerenga nkhani pa intaneti amakadziwa bwino kavidiyo kamene kamayamba kokha pamwamba pa nkhani, ndipo munthu akatsitsa tsamba kuti apitirize kuwerenga, kamachoka pamalo pake n'kukakhala pakona ya sikirini, n'kumamulondola mpaka kumapeto. Chizindikiro cha X chotsekera chimakhala chaching'ono kwambiri, moti pa foni chala chimachiphonya ndipo m'malo mwake pamatseguka tsamba la malonda. Kwa nthawi ndithu ndakhala ndikulimbana ndi vutoli pogwiritsa ntchito uBlock Origin, pulogalamu yoletsa malonda a pa intaneti, pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) ya Firefox, ndipo ndaona kuti imagwira ntchito yake bwino, ngakhale kuti siichita zonse yokha monga momwe ena amaitamira.

Eni masamba sachita zimenezi mwangozi. Mu 2014 bungwe la Media Rating Council ku America linakhazikitsa muyezo wakuti vidiyo yotsatsa malonda imawerengedwa kuti yaonedwa ngati theka lake laonekera pa sikirini kwa masekondi 2 otsatizana. Kavidiyo kokhala pamalo amodzi kamabisika wowerenga akangotsitsa tsamba, pamene koyandama kamaonekera nthawi yonse, ndipo pamenepo ndi pamene pali ndalama.

Poyamba ndinayesa zimene browser imabwera nazo kale. Firefox inayamba kuletsa mavidiyo aphokoso oyamba okha mu 2019, ndipo chaka chomwecho inawonjezera mwayi woletsa ngakhale opanda mawu, umene umapezeka pa Autoplay posankha Block Audio and Video. Chrome, kuyambira 2018, imaletsa ambiri mwa mavidiyo aphokoso koma imalola amene azimitsidwa mawu, ndiye chifukwa chake timavidiyo tambiri timayamba mwakachetechete. Njira ya Firefox imathandiza, koma kabokosi kamayandamabe n'kumaphimba mawu ngakhale vidiyoyo itaima.

uBlock Origin ndi kapulogalamu kowonjezera pa browser kamene Raymond Hill anatulutsa mu 2014. Ndi kaulere, ndipo mwini wakeyo salandira ngakhale zopereka. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukangokaika, mindandanda ya malamulo yothana ndi zinthu zosowetsa mtendere ngati izi imakhala isanayatsidwe. Muyenera kupita pa Filter lists, kupeza gawo la Annoyances, n'kuchonga nokha mindandanda ya EasyList, AdGuard ndi ya uBlock. Nditatero, timavidiyo ta pa masamba akuluakulu amene ndimawerenga tinachepa kwambiri.

Pa masamba otsalawo ndi pamene chida cha Element picker chimaonetsa ubwino wake. Mumadina kavidiyoko ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Block element, tsamba lonse limachita mdima kupatula chimene mwalozacho, ndipo pansi pamabwera kabokosi kosonyeza lamulo limene lilembedwe. Ndimalangiza kudina Preview musanadine Create, chifukwa n'kosavuta kusankha gawo lalikulu mopitirira n'kuchotsa nkhani yonse, kapena kusankha laling'ono n'kutsala ndi bokosi lakuda lopanda kanthu. Lamulolo limasungidwa pa My filters, kumene mungalifufute ngati mwalakwitsa. Palinso Element zapper, koma chimenechi chimangochotsa chinthucho mpaka mutatsegulanso tsambalo.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndinachizindikira mochedwa, ndipo n'chofunika kwa aliyense amene amagula deta. Kubisa kavidiyo n'kosiyana ndi kukaletsa. Tsiku lina ndinabisa kabokosi pa tsamba lina la nkhani, ndipo patapita kanthawi ndinamva munthu akulankhula m'kompyuta pamene pa sikirini panalibe vidiyo iliyonse. Lamulo langa linali litangochotsa chithunzi m'maso mwanga, koma vidiyoyo inali ikubwerabe ndi kudya deta. Kuti ndiithetse ndinatsegula Logger, imene imaonetsa adiresi iliyonse imene tsamba likutengako zinthu, ndinapeza ya kampani yotumiza mavidiyowo, ndipo ndinailetsa. Ntchito imeneyi si ya munthu wongoyamba kumene, chifukwa mizere imathamanga yambirimbiri ndipo mayina ake samveka msanga. Komanso mukaletsa adiresi yonse, mavidiyo amene mumafunadi kuonera pa tsambalo amasowa nawo limodzi. Njira yapakati imene ndimaikonda ndi batani loletsa zinthu zikuluzikulu pa tsamba limodzi, limene limaimitsa zithunzi ndi mavidiyo opitirira 50 KB mpaka mutadina nokha, ngakhale kuti mavidiyo ena amene amabwera m'tizidutswa amatha kulizemba.

Vuto lina ndi lakuti masamba ena amasintha mayina a zigawo zawo pafupipafupi, kotero lamulo limene linagwira ntchito mwezi watha limatha kuleka, ndipo mumayenera kulilembanso.

Amene amagwiritsa ntchito Chrome adziwe kuti Google inasintha malamulo a mapulogalamu owonjezera potengera dongosolo la Manifest V3, ndipo kuyambira 2024 inayamba kuzimitsa uBlock Origin yathunthu. Imene ilipo kumeneko ndi uBlock Origin Lite, yochokera kwa Hill yemweyo, yomwe imaletsa malonda bwino ndithu koma ilibe zina mwa zida zimene ndatchulazi, ndipo mindandanda yake imasintha pokhapokha kapulogalamuko kakatulutsidwa katsopano. Pa foni za Android, Chrome silola n'komwe mapulogalamu owonjezera, pamene Firefox imalola, ndipo pa sikirini yaing'ono ndi pamene kavidiyo koyandama kamatenga malo aakulu kwambiri. Chenjeraninso ndi dzina, pakuti pali pulogalamu ina yotchedwa uBlock chabe imene ndi yosiyana ndi iyi, choncho onetsetsani kuti pali mawu akuti Origin ndi dzina la Raymond Hill.

Popeza olemba nkhani amadalira malonda kuti alipidwe, pa masamba amene sandivutitsa ndi timavidiyo toyandama ndimadina batani lalikulu labuluu la uBlock Origin kuti izime pa tsamba limenelo lokha, ndipo imakumbukira chisankhocho ndikadzabweranso.