Zoo City: Buku la Joni Momwe Mlandu Umaberekedwa Kumsana

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana pa chifukwa chomwe ndifotokoze kutsogoloku, koma ndiyambe ndi kunena kuti ndalama yomwe ndidagulira bukuli sinalowe m'madzi. Langa ndi lachikuto chofewa, ndidalipeza m'sitolo ya mabuku akale konkuno ku Johannesburg, ndipo ngakhale lidadutsa kale m'manja mwa ena, masamba ake akadali ogwirana bwino. Zilembo ndi zazing'ono pang'ono kwa munthu wowerenga usiku atachoka ku ntchito, koma sizofika potopetsa maso.

Zoo City adalemba Lauren Beukes, mayi wobadwira ku Johannesburg yemwe adayamba wakhala mtolankhani. Lidatuluka mu 2010, ndipo mu 2011 lidapata mphoto ya Arthur C. Clarke, ya mabuku a nkhani zopeka zasayansi, ku Britain. Lili m'gulu la mabuku aja osakaniza nkhani zofufuza milandu ndi zamizimu mkati mwa mzinda wamasiku ano. Ambiri a mtunduwu omwe ndawerengapo amachitikira ku London kapena ku Chicago, ndipo amadzadza ndi anamapopa ndi anthu osanduka mimbulu. Ili likuchitikira ku Hillbrow, m'misewu yomwe ambiri a ife timaidziwa ndi mapazi, kufupi ndi Park Station komwe timatsikira basi yochokera kumudzi.

Maziko a nkhani ndi awa. M'dziko la bukuli, munthu akapalamula mlandu waukulu, makamaka wokhudza imfa ya mnzake, nyama imatulukira n'kumuphatika moyo wake wonse. Sasankha yekha kuti ikhale nyama yanji. Sangaisiye patali, chifukwa akatalikirana nayo amamva ululu wosaneneka, ndipo ikafa, mdima wina womwe amautcha Undertow umabwera kudzamutenga. Nyamayo imabweranso ndi mphatso yamatsenga, iliyonse ndi yakeyake, yomwe m'bukumo amaitchula ndi mawu a Chishona akuti shavi. Zinzi December, yemwe akutifotokozera nkhaniyi ndi pakamwa pake, ali ndi sloth, nyama ija ya ku South America yoyenda pang'onopang'ono, yazikhadabo zazitali. Idamupeza chifukwa cha imfa ya mchimwene wake. Amayenda nayo ataibereka kumsana ngati mayi ndi khanda, manja ake atamukoleka m'mapewa, ndipo aliyense wokumana naye pamsewu amadziwiratu kuti uyu ali ndi magazi m'manja.

Apa ndi pomwe bukuli lidandigwira mtima, ndipo ndipamene ndikufuna kukhalitsa. Anthu okhala ndi nyamawa sawalemba ntchito. Eni nyumba a m'madera abwino sawalola lendi. Apolisi akangoona nyama amayamba kufunsa mafunso ngakhale munthu sanalakwe kanthu tsiku limenelo. N'chifukwa chake onse amaunjikana m'nyumba zosanjikana za ku Hillbrow momwe malifiti adafa kalekale, madzi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo dera lonse lidapatsidwa dzina lachipongwe lomwe lili pachikuto cha bukuli. Munthu yemwe adakhalapo mlendo mumzinda uno safunika kumufotokozera zimenezi. Timadziwa mmene diso la wapolisi limasinthira ukangotsegula pakamwa kuyankha moni, mmene mwini chipinda amakwezera mtengo akamva komwe wachokera. Bukuli lidatuluka patangopita zaka ziwiri kuchokera pa ziwawa za mu May 2008, pomwe anthu oposa 60 adaphedwa ndipo Amalawi ambiri adabwerera kwawo ndi zovala za m'thupi zokha. Mlembi sakulalikira za zimenezo, koma mpweya wake uli ponseponse m'masamba.

Chomwe chidandivuta, ndipo ndikuchiyamikira, n'chakuti anthu a nyamawa si osalakwa. Mlendo amasalidwa popanda mlandu, koma Zinzi mlandu ali nawo ndithu. Adali mtolankhani wokhala bwino, mankhwala osokoneza bongo adamugwetsa, adakhala kundende, ndipo potuluka adapeza ngongole ikumudikira. Kuti aibweze amalemba makalata achinyengo a pa imelo, aja olonjeza chuma cha mfumu kapena a mtsikana wamasiye wofuna thandizo, ndipo amawalemba bwino chifukwa luso la cholembera ali nalo. Pali chaputala china pomwe amakumana maso ndi maso ndi banja lachikulire la ku America lomwe labwera ndi ndalama zawo zopumira pa ntchito, iye atadzisandutsa mwana wosauka wofunika chifundo. Ndidawerenga gawo limenelo mtima ukuwawa, chifukwa ndinali nditamukonda kale Zinzi, ndipo apa ndimamuona akuba anthu omwe akumuchitira zabwino. Bukuli silimupepesera. Limangokusiya ndi funso lakuti munthu wolakwadi, yemwe kulakwa kwake kuli poyera, ayenera kusalidwa mpaka liti.

Mphatso ya Zinzi ndi kupeza zinthu zotayika. Akayang'ana munthu amaona timaulusi tochoka pa iye kupita ku zomwe adataya: makiyi, mphete, kalata yakale. Amatsata kaulusiko, nthawi zina mpaka m'ngalande zapansi pa mzinda, n'kulandira kangachepe. Ali ndi lamulo lakuti safufuza anthu osowa, koma umphawi umamuswetsa lamulolo. Anthu awiri oopsa, mayi woyenda ndi mbalame ija yadazi ya marabou ndi bambo woyenda ndi kagalu kaubweya wambiri, amamutengera kwa Odi Huron, mkulu wojambula nyimbo yemwe adadzitsekera m'chinyumba chake. Ntchito ndi yoti apeze Songweza, mtsikana yemwe amaimba limodzi ndi mchimwene wake wamapasa m'gulu lotchedwa iJusi, yemwe wasowa chimbale chatsopano chili pafupi kutuluka. Zotsatira zake sindiulula.

Munthu yemwe adandikhalira mumtima kuposa onse ndi Benoît, chibwenzi cha Zinzi, wothawa nkhondo ya ku Congo yemwe amagwira ntchito yaulonda ndipo nyama yake ndi msulu. Ndi munthu wofatsa, wa zipsera m'thupi, wosakonda kukamba zakale. Ali mkati mwa chikondi chatsopanochi amalandira uthenga wakuti mkazi wake ndi ana, omwe ankayesa kuti adafa, apezeka amoyo. Ife a kuno tawaona amuna otere, oimirira pageti usiku wonse ndi tochi m'manja, mtima uli ku banja lomwe lili kutsidya kwa malire angapo. Mlembi adamulemba mwaulemu, sadamusandutse chinthu chomvetsa chisoni chabe. Masamba omwe iye ndi Zinzi akulephera kukambirana za ulendo wake wopita ku banja lakelo adandikhudza kuposa masamba onse a mfuti ndi kuthamangitsana.

Zamizimu nazo zidalembedwa ndi munthu wodziwa kuti kuno si nthano za ana. Zinzi amapita kwa sing'anga ku msika wa Mai Mai, msika weniweni womwe uli mkati mwa Johannesburg, komwe mizu, makungwa ndi zikopa zimagulitsidwa poyera. Sing'angayo ali ndi foni yam'manja, amalankhula za ndalama mosabisa, komabe zomwe amachita zimagwira. Ndidakonda kuti bukuli silimuseka ndiponso silimukweza kumwamba. Koma ndichenjeze: kumapeto nkhani imalowa m'zakupha anthu pofuna zizimba. Kwa Mmalawi yemwe akukumbukira abale athu achialubino omwe adaphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha chikhulupiriro chomwechi, masamba amenewo ndi olemera kwambiri. Ine ndidafika poliika pansi kaye. Amene nkhani zotere zimamusowetsa tulo adziwiretu asanagule.

Chinanso chabwino ndi timapepala tomwe mlembi adalowetsa pakati pa machaputala: nkhani ya m'nyuzipepala, maumboni a akaidi a m'maiko osiyanasiyana okamba za nyama zawo, chidule cha kafukufuku wa akatswiri, ngakhale tsamba lofotokoza filimu ya mkulu wankhondo wa ku Afghanistan woyenda ndi penguin, mbalame ya kunyanja yosauluka. Zimathandiza kuona kuti vutoli ndi la dziko lonse, komanso kuti palibe yemwe akudziwa chenicheni chomwe chimabweretsa nyamazi. Ena amati ndi matenda, ena chilango cha Mulungu, ena mizimu ya makolo. Bukuli silisankha mbali, ndipo ndikuona kuti lidachita bwino kutero.

Tsopano nyenyezi yomwe ndaimana ija. Ngati buku lofufuza mlandu, ili limatsimphina. Theka loyamba limayenda mwachifatse, Zinzi akuzungulira m'mabala, m'nyumba za oimba ndi kumalo othandizira omwerekera, akufunsa uyu ndi uyo, ndipo maina amachuluka moti ena ndimachita kubwerera m'mbuyo kuti ndikumbukire kuti ndi ndani. Kenaka nkhani ya mtsikana wosowa imaoneka ngati yatha msanga, n'kutulukira ina yaikulu yomwe imathamanga kwambiri m'machaputala otsiriza. Wowerenga wokonda kutolera zizindikiro kuti apeze wakupha asanauzidwe sapatsidwa mpata wokwanira, chifukwa zina zofunika zimafika mochedwa ndiponso kudzera m'njira zamatsenga, osati m'nzeru za wofufuzayo. Anthu awiri aja a mbalame ndi kagalu amaopsa bwino, koma ndidatseka buku ndisanakhutire ndi zomwe ndidauzidwa za iwo. Odi Huron naye, chifukwa chomwe amachitira zomwe amachita chidafotokozedwa mwachidule kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa zoipazo.

Za chiyankhulo ndinenepo pang'ono. Chingerezi chake ndi cha m'misewu ya Joni, chosakanikirana ndi Chizulu, Chiafrikaans ndi mawu a achinyamata. Kwa ife okhala kuno chimatsetsereka bwino, ndipo nthawi zina umachita kumva mawu a kondakitala kapena a mayi wogulitsa pamsewu. Kwa wowerenga ali ku Lilongwe kapena ku Chipata yemwe sanafikeko kuno, masamba oyambirira akhoza kumulemera, koma asafooke, tanthauzo limadziwika ndi nkhani yomwe. Muli kutukwana, mankhwala osokoneza bongo ndi zachiwerewere, choncho si buku lopatsa mwana wa sukulu ya pulayimale. Ine sindingalipereke kwa mwana wosafika zaka 16.

Mzinda womwewo ndiwo udalembedwa mwaluso kuposa china chilichonse. Ponte, nyumba yozungulira ija ya nsanjika 54 yokhala ndi chibowo pakati, imaoneka mmene timaionera tikamachokera ku Berea. Mipanda yamagetsi ya kumpoto kwa mzinda, alonda a pazipata, mvula yamabingu yamasana, fungo la m'makwerero momwe mulibe magetsi, zonsezi zilimo popanda kukometsera kapena kunyoza. Ndawerengapo zolemba zambiri zokamba za Hillbrow ngati dzenje la zigawenga basi. Muno muli zigawenga ndithu, koma mulinso anthu ochapa zovala, ophika, okongozana ndalama ya buledi, osungirana ana.

Amene akufuna nkhani ya wapolisi wanzeru womasula mlandu mwadongosolo ayang'ane buku lina. Amene adatopa ndi matsenga a ku Ulaya ndipo akufuna kuona mtundu uwu wa nkhani utaima pa nthaka ya Africa, agule ili. Ndipo kwa abale omwe ali kuno ku Joni, ogwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi pamageti, ndikuti mukalipeza pa mtengo wotsika musalisiye. Langali ndabwereketsa kale kwa mnzanga wa ku Mangochi yemwe timakwera naye takisi imodzi, ndipo tikukanganabe ngati zomwe Zinzi adasankha kuchita patsamba lomaliza zikukwanira kulipira zomwe adawononga. Iye akuti zikukwanira. Ine ndikuti ayi, wangoyambapo chabe.